Nkhwani wokulungira mpunga: kadyedwe ka alimi a ku Korea

Mwezi wa Julayi ukafika ku Korea kunja kumatentha kwambiri, mvula nayo imakhala ili pachimake. Nthawi imeneyi amayi a kumidzi amapita m'mphepete mwa munda kukathyola masamba anthete a maungu. Akafika nawo pakhomo amawasadzula monga momwe timachitira ife kuno, kuyambira ku phesi, kuchotsa ulusi ndi timinga. Kusiyana kumayambira pamenepo. Iwo sadula masambawo ndi mpeni, sathira soda, ndiponso sawasiya pamoto mpaka achite phala. Amangowafewetsa ndi nthunzi kwa mphindi zochepa, tsamba lililonse lili lathunthu. Pakudya munthu amayala tsamba padzanja, kuikapo kampunga ndi kamsuzi kolimba ka soya, n'kukulunga, n'kuponya m'kamwa.

Chakudya chimenechi m'chinenero chawo amati ssambap. Liwu loti ssam litanthauza kukulunga, pamene bap ndi mpunga wophika. Akagwiritsa ntchito masamba a maungu amati hobakip ssam, pakuti hobak ndi dzungu ndipo ip ndi tsamba. Masiku ano ena amayamba aumba mpungawo timibulu, tonga nthongo za nsima, n'kukulungiratu kamodzi kamodzi kuti anyamule popita ku ntchito kapena pa ulendo. Njira imeneyi ndiyo tikambirane sabata ino.

Alimi anzanga ena adzifunsa kuti za kukhitchini zikudzatani pa tsamba la ulimi. Chifukwa changa n'chakuti m'makomo ambiri kuno mpunga ndi chakudya cha pa Khirisimasi, pa ukwati ndi pamene kwabwera alendo. Ngakhale amene amalima mpungawo ku Karonga, ku Nkhotakota kapena m'chigwa cha nyanja ya Chilwa amagulitsa wambiri n'kusunga wochepa. Koma nkhwani ulipo wambirimbiri m'minda, moti wina umangokalambira komweko. Anzathuwa adapeza njira yoti kampunga kochepa kakwanire banja pochulukitsa masamba, ndipo masambawo amawadya asanataye zofunika m'thupi. Zonse zofunika, kupatula chinthu chimodzi chomwe ndichitchula kutsogoloku, mlimi wa kuno ali nazo kale.

Nawo adaidziwa njala

Dziko la South Korea n'locheperapo pang'ono poyerekeza ndi Malawi tikawerengera nyanja yathu, koma muli anthu oposa 50 miliyoni, ndipo gawo lalikulu ndi mapiri. Lero ndi dziko lolemera, koma nkhalamba za kumeneko zimakumbukira nyengo yomwe ankaitcha borit-gogae, kutanthauza chitunda cha barele. Iyi inali miyezi ya Meyi ndi Juni pamene mpunga wa chaka chatha watha m'nkhokwe koma barele asanakhwime. N'chimodzimodzi Januwale ndi Febuluwale wathu. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 idaonjezera mavutowo.

Kuyambira mu 1969 boma lawo lidalamula kuti Lachitatu ndi Loweruka malo odyera asamagulitse mpunga masana, ndipo aphunzitsi ankayendera chakudya chomwe ana abwera nacho ku sukulu kuti aone ngati mpungawo wasakanizidwa ndi barele. Lamuloli adalichotsa mu 1977 dzikolo litayamba kukolola mpunga wokwanira.

Koma tisaganize kuti kukulunga mpunga kudayamba ndi njala imeneyi. Ndi mwambo wakalekale. Mlembi wina wotchuka, Yi Ik, yemwe adamwalira mu 1763, adalembapo za kadyedwe kameneka ngati chinthu cha makolo. Mwezi woyamba wa chaka chawo ukakhala wathunthu kumwamba, pamwambo wotchedwa Daeboreum, amadya mpunga wokulunga womwe amautcha bokssam, ati kukulunga mwayi wa chaka chonse. Mumzinda wa Gyeongju muli malo odyera ambiri odziwika ndi ssambap, komwe amakuyalira masamba a mitundumitundu patebulo. Maungu ndi tsabola si mbewu zawo zamakolo ayi. Zidachokera ku America monga zathuzi, ndipo zidafala ku Korea m'zaka za m'ma 1600. Choncho nkhwani wawo ndi wathu n'zapachibale.

Nkhani yagona pa mpunga

Amene angayese kuumba nthongo ndi mpunga wophika monga timaphikira pa ukwati, wothira mafuta, woti njere iliyonse ili payokha, adzangotaya nthawi. Udzamwazika m'manja. Mpunga wa ku Korea ndi wa njere zazifupi, zonenepa, wa m'gulu lomwe akatswiri amalitcha japonica, ndipo ukapsa umamatana wokha. Wathu monga Kilombero ndi Faya ndi wa njere zazitali. Kusiyanaku kumachokera mu ufa wa m'kati mwa njere. Mu ufawo muli chinthu chotchedwa amylose. Chikachuluka, mpunga umapsa mouma, njere zili pazokha, ndipo ukazizira umalimba. Chikachepa umakhala wofewa ndi womata.

Anthu a ku Korea samasewera ndi kumata kwa mpunga. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 boma lidatulutsa mtundu watsopano wotchedwa Tongil. Mtunduwu adaupanga katswiri wa pa Seoul National University, a Heu Mun-hue, mogwirizana ndi bungwe la kafukufuku wa mpunga la IRRI ku Philippines, pokwatitsa mpunga wa njere zazitali ndi wa njere zazifupi. Tongil adabereka kwambiri ndipo ndiye adathetsa kuperewera kwa mpunga. Koma anthu sadamukonde pakamwa chifukwa samamata ngati wamakolo. Matenda atamugwira mu 1978, kenaka kuzizira n'kumuononga mu 1980, alimi adayamba kumusiya, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adali atasowa m'minda. Ife alangizi nkhani imeneyi imatikhudza, pakuti timafulumira kuwerenga matumba pa hekitala n'kuiwala kufunsa amayi amene aphike. Komabe ntchito ya Tongil sidathere pompo. Kudzera mu mgwirizano wa Korea ndi maiko a mu Africa wotchedwa KAFACI, womwe udayamba mu 2010, mbewu za mtundu umenewu zidafika kuno, ndipo mitundu ya mpunga ya Makafaci ndi Kachangu idachokera m'ntchito yomweyo.

Nanga amene ali ndi Kilombero yekha atani? Ndayesa kangapo kukhitchini kwanga ndipo njira yomwe yandithandiza ndi iyi. Sakanizani mpunga wathunthu ndi wosweka, uja wotsika mtengo wa ku chigayo: makapu awiri onse pamodzi, wosweka ukhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Njere zosweka zimatulutsa ufa wambiri m'madzi, ndipo ufawo ndi umene umagwira ntchito ya ulimbo. Pepetani, sankhani timiyala, tsukani kawiri kapena katatu, kenaka viikani m'madzi kwa theka la ola. Kuviikaku musakudumphe, chifukwa ndi kumene kumachititsa kuti njere ipse mpaka m'kati osati kunja kokha.

Tsanulani madziwo n'kuthira ena makapu atatu ndi theka. Musathire mafuta mumphika. Ukawira chepetsani moto, vundikirani bwino, ndipo upse pang'onopang'ono kwa mphindi 15 osavundukula. Amene amaika makala pa chivundikiro apitirize, n'zabwino. Mukaphula usiyeni chivundikirire kwa mphindi 10. Mpunga ukhale wofewa koma osati phala. Mukafinya njere zingapo pakati pa zala zigwirane.

Masamba

Anzathuwa amakulungira masamba ambiri: letesi, kabichi, tchayinizi, masamba a maungu, a nyemba za soya, ndere za m'nyanja, komanso masamba onunkhira a mbewu yotchedwa perilla yomwe sitilima kuno. Kwa ife ndiika nkhwani patsogolo, kenaka kabichi, mpiru, repu ndi tchayinizi. Khwanya ndi kholowa n'zabwino koma masamba ake amachepa, muyenera kusanjikiza awiri kapena atatu. Bonongwe msiyeni akhale ndiwo.

Sankhani nkhwani wanthete, tsamba lalikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Lokalamba limakhala ndi minga yolimba yomwe nthunzi siingagonjetse. Sadzulani bwino, siyani kaphesi kakafupi, tsukani tsamba limodzi limodzi kumbuyo ndi kutsogolo pakuti mchenga ndi nsabwe zimabisala m'timinga. Thirani madzi pang'ono mumphika, otalika ngati zala ziwiri. Pamwamba pake ikani sefa yawaya, kapena pingasani timitengo toyera, kuti masamba asakhudze madzi. Madzi akawira yalani masamba, vundikirani, ndipo dikirani mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Tsamba lapsa ngati lafewa, minga yagona, koma mtundu ukadali wobiriwira. Likayamba kuda ndiye kuti mwapyoletsa, ndipo lidzang'ambika pokulunga. Yalani pa lichero loyera kuti lizizire.

Amayi akale a ku Korea adali ndi nzeru ina yopulumutsa nkhuni. Madzi a mpunga akangouma iwo ankayala masamba a maungu pamwamba pa mpungawo n'kuvundikiranso. Nthunzi ya mpunga ndiyo inkapsetsa masamba, mphika umodzi, moto umodzi. Pa njira zonse, iyi ndi imene ndimaikonda.

Kabichi amafuna mphindi zochulukirapo pang'ono, ndipo msana wake wokhuthala uja muupale ndi mpeni kuti tsamba lipindike. Mpiru, repu ndi tchayinizi ingoviikani m'madzi owira a mchere kwa mphindi imodzi, tsanulani, muziziritse ndi madzi akumwa, n'kufinya pang'ono.

Za soda ndi chidulo ndinenepo mosabisa. Timathira kuti ndiwo zifewe msanga, koma soda amaononga vitamini C ndi ena a gulu la B omwe ali m'masamba. Kuphika nthawi yaitali m'madzi ambiri n'kutaya madziwo kumachotsanso zina. Pophika ndi nthunzi zambiri zimatsala m'tsamba momwemo. Masamba obiriwira kwambiri ali ndi zomwe thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha ana ku matenda, koma thupi limazilandira bwino pakakhala mafuta pang'ono. N'chifukwa chake chitowe ndi nsinjiro zomwe zikubwera kutsogoloku si zongokometsera.

Pali masamba awiri oti musayese n'komwe. Chigwada chili ndi poizoni yemwe amachoka pokhapokha chikasinjidwa ndi kuwiritsidwa nthawi yaitali, ndiye nthunzi ya mphindi zisanu siingamuchotse. Masamba a koko nawo akapanda kupsa mokwanira amayabwa koopsa pakhosi.

Chomwe tilibe

Chinthu chija ndidati tilibe ndi msuzi wawo. Mtima wa ssambap ndi phala lolimba la soya wosasitsa lotchedwa doenjang. Kapangidwe kake n'kotenga miyezi. Akakolola soya cha mu Novembala amamuwiritsa mpaka afewe, kumusinja, kumuumba ngati njerwa, kuumitsa, n'kumanga ndi mapesi a mpunga kuti asase m'nyengo yozizira. Kenaka njerwazo amaziviika m'madzi a mchere wambiri m'mitsuko ikuluikulu kwa mwezi ndi theka kapena iwiri. Madzi ake amasanduka msuzi wakuda wa soya, pamene zolimbazo amaziphwanya n'kuzisunga miyezi ina kuti zikhwime. Luso limeneli bungwe la UNESCO lidalilemba m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa mu Disembala 2024. Akasakaniza doenjang ndi phala la tsabola, adyo, anyezi ndi mafuta a chitowe amapeza ssamjang, yemwe amapaka pa mpunga asanakulunge. Wodyera masamba a maungu kawirikawiri amamuphika ndi tinsomba touma tonga usipa mpaka alimbe.

Sindikulangiza wina aliyense kusasitsa soya pakhomo mongoyerekeza. Ku Korea amachita zimenezi kunja kukuzizira koopsa, ndipo amayi amadziwa kusiyanitsa nkhungu yabwino ndi yoipa chifukwa adaphunzira kwa amayi awo. Kuno kotentha mungathe kuweta chuku chomwe chija timachiopa mu mtedza ndi chimanga.

M'malo mwake ine ndimapanga wanga motere. Tengani usipa wouma wodzaza dzanja, chotsani mitu, kazingani popanda mafuta n'kusinja. Kazingani anyezi mmodzi ndi adyo pang'ono m'supuni imodzi ya mafuta, thirani tomato mmodzi, kambuzi monga momwe mungathere, usipa uja, masupuni atatu a nsinjiro ndi mchere. Amene ali ndi ufa wa soya wokazinga bwino athireko masupuni awiri. Ndikuti wokazinga bwino chifukwa soya wosapsa amasokoneza kagayidwe ka chakudya m'mimba. Thirani madzi theka la kapu n'kumatakasa pamoto wochepa mpaka msuziwo uzitha kuima pa supuni osadontha. Mchere ndi tsabola zipyole pang'ono muyeso wa ndiwo za masiku onse, pakuti nthongo iliyonse imangolandira kadontho. Munthu wa ku Korea atalawa anganene kuti si zimenezo, ndipo sangalakwe. Kafungo kosasa ka soya mulibe. Koma ntchito yake ndi yomweyo, yokoka mpunga ndi tsamba kuti zitsike bwino.

Kuumba ndi kukulunga

Umbani mpunga ukadali wofunda. Ukazizira ufa wake umalimba ndipo sugwirananso. Uikeni m'mbale yaikulu, thirani theka la supuni yaing'ono ya mchere, supuni imodzi ya mafuta ophikira ndi masupuni awiri a chitowe chokazinga, chosinja pang'ono. Sakanizani ndi chipande mopepuka, osatakasa ngati nsima. Sambani m'manja ndi sopo, nyowetsani manjawo ndi madzi akumwa, tapani mpunga wokwana supuni imodzi yodzaza, ndipo finyani pang'ono kuti ukhale kanthongo kotalikirapo. Musakulitse. Ku Korea ssam amamudya kamodzi, osaluma pakati, chifukwa ukaluma zonse zimakhuthukira pa malaya. Makapu awiri aja amatulutsa nthongo pafupifupi 30.

Yalani tsamba, mbali yosalala ikhale kunja, ya minga m'kati. Boolani nthongo ndi chala, ikanimo kamsuzi, ikani pafupi ndi phesi, pindani kamodzi, bwezani mbali zonse ziwiri m'kati, n'kupitiriza kukulunga mpaka kunsonga. Sanjani m'mbale msoko uli pansi kuti zisamasuke. Simufunika chingwe kapena kamtengo. Ngati pali nyemba zophika, dzira lokazinga kapena kanyama, dulani tizidutswa n'kuika limodzi ndi msuzi. Ngati mpunga wachepa kwambiri onjezerani nyemba kapena nandolo wofewa mumpungamo, monga ankachitira iwo ndi barele.

Banja likakhala pamodzi simufunikanso kuumba. Ikani mpunga, masamba ndi msuzi pamphasa, aliyense azikulunga yekha. Ana omwe amakana ndiwo zamasamba ndawaona akulimbirana tsamba chifukwa chongofuna kukulunga.

Zaziwisi ayi

Pazithunzi za ssambap mudzaona letesi wamuwisi wambiri, ndipo ndi momwe ambiri amadyera kumeneko lero. Koma ufulu umenewu adachita kuuvutikira. Kale iwo ankathira zonyansa za m'chimbudzi m'minda ngati manyowa, ndipo pa kafukufuku wa dziko lonse wa mu 1971 anthu oposa 80 pa 100 aliwonse adapezeka ndi njoka za m'mimba. Padatenga zaka zambiri za mankhwala m'masukulu, zimbudzi zabwino ndi madzi a m'mipopi kuti vutoli lithe.

Kuno madimba ambiri timathirira ndi madzi a m'mitsinje momwe anthu amachapa ndi kusamba, ndipo ndiwo za pamsika amaziwaza madzi omwe sitidziwa kochokera. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho langizo langa n'lakuti tsamba lililonse lidutse pa nthunzi kapena m'madzi owira. Letesi wamuwisi adye okhawo amene alima okha, kuthirira ndi madzi a pa mjigo, ndi kutsuka ndi madzi othira kolorini.

Mpunga wophika nawo suchedwa kuonongeka. Muli tizilombo tina tomwe sitifa ndi moto, ndipo mpunga ukakhala pofunda timaswana n'kutulutsa poizoni woyambitsa kusanza. Tsamba lokulungira limateteza ku fumbi ndi ntchentche, koma osati ku zimenezi. Nthongo zokonzedwa m'mawa zidyedwe pasanathe maola anayi, ndipo zisungidwe pamthunzi. Musaumbe ndi mkute wa dzulo. Alimi a ku Korea ali ndi chakudya chomwe amapititsa kumunda pakati pa ntchito, amachitcha saecham, ndipo chimachoka pamoto kupita kumunda nthawi yomweyo. Ifenso potengera anthu ookera mpunga kapena opalira tizichita chimodzimodzi.

Kumunda

Chakudyachi chimafuna masamba athunthu, osabooka, choncho kathyoledwe nako n'kofunika. Pa mphukira iliyonse ya dzungu siyani nsonga ndi timasamba tiwiri toyambirira, thyolani lachitatu kapena lachinayi. Musapyole masamba awiri pa mphukira imodzi pa sabata, ndipo masamba oyandikana ndi dzungu lomwe layamba kukula asiyeni, chifukwa ndi amene akulidyetsa. Mukakolola nkhwani mosaganiza mudzalira maungu mu Epulo. Amene akufuna masamba ambiri adzale mapando angapo apadera pa chulu kapena pa dzala lakale, oti ntchito yake ikhale ya nkhwani basi. Masamba omwe achita zoyera ngati awazidwa ufa, kapena opiringizika ndi mawanga achikasu, ndi odwala, asiyeni. Thyolani m'mawa dzuwa lisanakwere.

Chenjezo lalikulu lili pa mankhwala. Chilowereni mbozi zodya chimanga zija m'nyengo ya 2016/2017, alimi ambiri akupopera chimanga kangapo pa chaka, ndipo maungu amayanga pansi pa chimanga chomwecho. Mankhwala otsika kuchokera pamwamba amagwera pa nkhwani. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole. Werengani, ndipo ngati chizindikiro chafufutika kapena mudagula mankhwala opungulira m'kabotolo kopanda dzina, musathyole ndiwo m'munda umenewo. Nthunzi siichotsa mankhwala. N'chimodzimodzi repu ndi kabichi wa m'dimba. Pogula pamsika funsani tsiku lomwe adapopera, ndipo masamba okhala ndi madontho oyera ouma kapena fungo la mankhwala abwezeni.

Nkhwani wa m'munda amapezeka kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, pamene mpunga watsopano umayamba kufika pamisika cha mu Meyi ndi Juni, mtengo utatsika. Pofuna kuti ziwirizi zikumane, fesani mpiru, tchayinizi ndi kabichi pa nazale mu Malichi, ndipo m'madera osazizira kwambiri dzalani mapando ochepa a maungu m'dimba mvula ikamatha. Letesi amachita bwino kuyambira Epulo mpaka Julayi. Kukayamba kutentha mu Seputembala amathamangira maluwa ndipo masamba ake amawawa.